Chingwe cha Dzanja la Manzere

Ndinadzidzimuka atambala atayamba kale kulira, nditatsamira chipupa cha nyumba ya siwa, mwendo umodzi utachita dzanzi. Sindinafune kugona, koma tulo sitidziwa maliro. Bambo anali chigonere pakati pa nyumba atafunditsidwa nsalu, ndipo amayi ambiri amene anabwera kudzachezera anali atagwa ndi tulo mowazungulira. Amene ankaimbabe anali amayi anga okha. Zimenezi zinandidabwitsa, chifukwa chitsirizikire bambo, amayi sankatha ngakhale kuyankha moni. Koma usiku umenewo nyimbo ikati ithe, iwo ankayambitsa ina, mokweza, mpaka mawu anasasa. Mayi wina anandinong'oneza kuti chisoni chawalowa m'mutu.

Unali mwezi wa Julayi, ndipo chisanu cha kwathu ku Kapondo chimaluma ngati chili ndi mano. Ndinatuluka kuti ndikasonkhe moto wa madzi. Pabwalo abambo anali atazungulira zikuni, mitu ili m'mabulangete. Pakati pawo panali anyamata a malaya ofiira ochokera kuboma. Amenewa sanabwere kudzakhuza maliro, ndipo aliyense ankadziwa amene ankamudikira.

Bambo anali wosoka mphasa. Ankalukanso malichero, madengu ndi nkhokwe, koma dzina lawo linamveka ndi mphasa. Bango ankadula okha kudambo, kuling'amba, kulipala ndi kuliyanika. Chingwe ankapota ndi khonje pantchafu, moti ntchafu yawo yakumanja inalibe ubweya ngakhale umodzi. Ife ana tinkawaseka kuti ali ndi mwendo umodzi wa mwamuna, wina wa mtsikana. Ntchitoyi anaphunzitsa anyamata awiri: achimwene anga a Lufeyo, ndi mnzawo wina wa paubwana amene pa nthawi ya malirowa anali tcheyamani wa chipani m'mudzi mwathu.

Achimwene anali amanzere. Bambo anayesa kuwamanga dzanjalo ali mwana, koma zinakanika. Munthu wamanzere amapotera chingwe pantchafu yakumanzere, ndipo chingwe chake chimapotoka mobwerera, mosiyana ndi cha anthu ena onse. Wongogona pamphasa sangaone kanthu, koma wodziwa ntchitoyi amangochigwira ndi chala n'kudziwa mwini wake.

Zaka ziwiri maliro asanachitike, anyamata a chipani anabwera kudzasonkhetsa mphatso za msonkhano waukulu wa kuboma. Kwa ena anatenga mazira, kwa ena mbuzi, ndipo kwa ife anatenga mphasa zonse zimene bambo anasoka chilimwe chimenecho. Achimwene anali ndi pakamwa potentha. Ananena, anthu akumva, kuti msana wa bambo awo si munda wa chipani. Mawu amenewo anakafika kuboma dzuwa lisanalowe, ndipo amene anawapititsa anali mnzawo uja. Usiku womwewo achimwene anaolokera ku Zambia. Anyamata aja atawaphonya anatiuza poyera kuti safulumira, nkhalambayo ikadzafa mwana wake adzabwera yekha. Amene ankatengedwa pa milandu yotere masiku amenewo, ambiri sitinawaonenso.

Bambo atayamba kutsokomola magazi anayamba kusoka mphasa yawoyawo. Anati safuna bokosi, adzawakulunge m'mphasa monga anachitira makolo awo. Koma manja anayamba kunjenjemera isanathe, ndipo inatsala m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba, kumene ankagwirira ntchito, mbali imodzi bango lili balala. Madzulo a tsiku la imfa akuluakulu anaiona n'kupukusa mitu. Anagwirizana kuti munthu sangapite m'mphasa yosatha, angofuna yakale.

Choncho m'bandakucha umenewo ndinalowa m'chigafa muja kuti nditenge zinyenyeswa za bango zoyatsira moto. Ndinafufuza mumdima, koma bango lomwazika lija panalibe. Dzanja langa linagunda mphasa itapindidwa bwinobwino, yaima pangodya. Ndinaifunyulula pang'ono. Inali yatha mpaka kumapeto, bango lake likadali lonyowa. Ndinayendetsa chala pachingwe chakumapetoko, ndipo chinali chopotoka mobwerera.

Kenako ndinamva dzina langa, motsitsa, kuchokera m'nkhokwe yakale imene inali pafupi ndi chigafacho.

"Esinati. Usayang'ane kuno, uzingotola nkhuni."

"Achimwene, mwabwera kudzafa kodi? Anthu aja ali pamoto apo!"

"Ndawaona. Ndimati ndingomaliza ndibwerere, koma kwandichera. Amayi a nkhuni ayamba kale kudutsa m'minda. Ndichoka kukada."

"Nanga mphasayi? Akaiona a tcheyamani sadziwa?"

Anayankha kuti, "Ndikanatani nanga? Bambo anga apite m'mphasa yakale yogonera agalu, ine manja ndili nawo?"

Ndinawakwiyira, sindinama. Zaka ziwiri osawaona, koma chimene ndinafuna nthawi imeneyo chinali kuwatukwana. Ndinalowetsa chikho cha madzi pansi pa denga la nkhokwe, ndipo dzanja limene linachilandira linali lozizira, lochekekachekeka ndi bango. Ndinaganiza zokabisa mphasayo m'mapesi. Ndinali nditangoinyamula pamene mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda ndi kukonza mtembo, anatulukira akufuna khasu. Adzukulu pamaliro saopa munthu, amaseka ndi aliyense ndipo amatenga chimene afuna.

"Iwe, ukupita nalo kuti bulangete la agogo athu?" anatero akundilanda. Anaiyala pansi, n'kufuula kuti mudzi wonse umve. "Taonani kuno! Nkhalamba yadzuka usiku kudzamaliza ntchito yake!"

Anthu anaseka pang'ono, monga amasekera pamaliro. Ine ndinangotsala m'manja mulibe kanthu.

Kutacha kunali nkhungu yambiri, ndipo dzuwa linachedwa kutuluka. Anthu anayamba kufika, ena wapansi, ena akukankha njinga kuyambira pamasamba amene tinaika pamsewu. Amayi ankabwera ndi ufa m'malichero, ambiri mwa malicherowo olukidwa ndi bambo. Ena anachokera kutali, ku Chiosya, anthu amene sindinkawadziwa, onse akunena zofanana, kuti m'nyumba mwawo muli mphasa ya malemuwa imene yalera ana onse osaduka chingwe. Mafuwa anandandalikidwa kuseri kwa nyumba, ndipo kuseri kumeneko ndi kumene kunali nkhokwe ija. Utsi wonse unkapita komweko. Ndinkangopemphera kuti achimwene asatsokomole.

Adzukulu anayanika mphasa ija pabwalo kuti iume. Mkulu wa anyamata ofiira aja, wamtali, wosaseka, anaizungulira kawiri. Kenako anafunsa kuti dzulo wamva kuti mphasayi ndi yosatha, ndiye waimaliza ndani. Ndinali pafupi, ndikudutsa ndi chipande m'manja, ndipo pakamwa panga panayankha mutu usanaganize.

"Ndine."

Abambo anayang'anana. Kwathu mkazi amaumba mbiya, amazira nyumba, koma sasoka mphasa. Ndinati bambo anandiphunzitsa akudwala, popeza panalibe mwana wamwamuna pakhomo. Mdzukulu uja anati zimenezo n'zoona, ameneyu ndi mwamuna, ndevu zokha ndiye zidamukana. Anthu anasekanso, koma wamtali uja sanaseke. Anatembenukira kwa a tcheyamani.

"Inu akuti ntchito imeneyi mumaidziwa. Taioneni."

A tcheyamani ananjuta pambali pa mphasa. Anayambira kumene anasoka bambo, chala chachikulu chikuyenda pachingwe pang'onopang'ono. Chitafika pamene panayambira chingwe chatsopano, chalacho chinaima. Ndinachiona chitaima. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana manja anga, osati nkhope. Chipande chinali m'dzanja lamanja. Mwa mantha ndinachisamutsira kumanzere, iwo akuona, munthu amene anandidziwa ndikadali kumbuyo kwa amayi. Uchitsiru umenewo ndikaukumbukira mpaka lero ndimachita manyazi.

"Ndi ntchito ya wophunzira kumene," anatero akuimirira n'kusansa manja. "Mfundo zake n'zosalongosoka."

Ndikanapuma, koma nthawi yomweyo a tcheyamani anamukokera pambali wamtali uja n'kumunong'oneza kanthu. Mnyamata mmodzi anakwera njinga kulowera kumsika, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anabwera ndi anzake ena ambiri. Anagawana, ena kunjira ya kudambo, ena kuminda ya fodya. Apo ndinadziwa kuti a tcheyamani adziwa, angofuna kuti maliro ayambe aikidwa, asachititse manyazi mphunzitsi wawo, nyama yawo adzaigwire madzulo. Ndinafuna kuuza amayi, koma anali m'nyumba pakati pa anthu, atawerama, mawu atatheratu. Ndinausenza ndekha mtolo umenewo tsiku lonse.

Ntchito ndinkagwira, koma sindikumbuka chimene ndinaphika. Ndinathira mchere kawiri m'nyemba ndipo mayi wina anandilanda mthiko. Chimene ndikukumbuka ndi nkhuku. Adzukulu atabwera kokumba anayamba kuthamangitsa nkhuku zathu monga mwa mwambo wawo, ndipo tambala wina anathawira pansi pa nkhokwe ija. Anyamata ofiira awiri anathamangira komweko akuseka kuti athandize. Mdzukulu wamkulu uja anawakankha kuti nkhuku ya maliro sagwira mlendo, n'kukwawira yekha pansipo. Anakhalitsa. Atatuluka anali ndi tambala m'manja, koma nthabwala zinali zitamuthera. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuuza ana amene ankasewera pamenepo kuti achoke, pali utitiri.

Masana anatitulutsa m'nyumba kuti akonze thupi. Atatiitananso, bambo anali atakulungidwa m'mphasa yawo, atamangidwa ndi luzi pa chithatha cha mitengo. Adzukulu anapinda mwa njira yakuti mbali yatsopano ija inalowa m'kati, kunja kunkaoneka ntchito ya bambo yokha. Kaya anachita dala kaya zinangochitika, sindinafunse.

Mwambo unachitikira pabwalo. Analankhula a kubanja, a kumpingo, kenako a tcheyamani. Ananena mawu otamanda boma amene ankanenedwa pa msonkhano uliwonse masiku amenewo, ngakhale pamaliro, ife n'kuwomba m'manja misozi ili m'masaya. Za bambo ananena zochepa, kuti anali munthu wosatukwana wophunzira, ukalakwitsa ankangomasula chingwe n'kukupatsanso singano. Atanena zimenezo mawu anawakanika pang'ono, ndipo ine ndinati mumtima, lirani bwino inu a Yudasi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, mphepo yozizira ikuulutsa fumbi. Njira ya kumanda imadutsa kuseri kwa nyumba yathu. Onyamula atafika pafupi ndi nkhokwe ija anayamba kudzandira, kupita kutsogolo n'kubwerera. Nyimbo inaduka. Mdzukulu uja anafuula kuti maliro akukana, agogo alemera, akufuna kutsazika nkhokwe imene analuka okha. Zoterezi zimachitika kwathu, ndipo palibe amene amatsutsana ndi wakufa. Anatsitsa chithatha pansi, mutu wa bambo utayang'ana kunkhokwe, pafupi moti munthu akanatha kutambasula dzanja.

Gulu lonse linaima pamenepo, mazana a maso akuyang'ana nkhokwe imodzi. Wamtali uja anali kumbuyo kwanga, ndinkamva mpweya wake. Nsungwi za nkhokwe yakale zimakhala ndi mipata, ndipo ine ndinkadziwa kuti pa mpata wina pali diso. Ndinaopa kuti achimwene alephera kudzigwira, alira mokweza kapena atuluka kumene. Ndinadzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma ndi mphamvu zanga zonse, ndipo amayi ena ananditsatira. Anthu anati mwanayu ankawakonda bambo ake. Ndinkawakondadi, koma kulira kumeneko kunali kwa mantha. Mdzukulu uja anawerama n'kunena kuti, "Mwaonana tsopano agogo, tiyeni." Ananyamulanso, ndipo maliro anapepuka.

Manda athu ali m'nkhalango yowirira chakumadzulo kwa mudzi. Ife amayi tinakhala chapatali pamasamba ouma. Ndinaona mphasa ikutsika pang'onopang'ono mpaka inabisika, kenako makasu anayamba. Dothi lililonse limene linkagwa linkakwirira chingwe chija, ndipo ndinachita manyazi kupeza kuti pamene ena ankalira bambo, ine ndinkafuna kuti okwirira afulumire. Pobwerera tinasamba m'manja pamphambano, anthu anadya, n'kuyamba kubalalika. A malaya ofiira okha ndi amene sanabalalike. Anasonkha moto wawo kunjira ya kudambo ndi kuminda.

Kuli kachisisira, ndikutsuka miphika kuseri, ndinaona mapazi ataima patsogolo panga. Anali a tcheyamani, ali okha. Ndinagwada monga mwa ulemu. Anatulutsa m'jekete singano yaitali yachitsulo yosokera mphasa.

"Iyi ndidabwereka kwa bambo ako kalekale, sindidabweze," anatero. Sankayang'ana ine, ankayang'ana pamwamba pa mutu wanga. "Upatse amene wamaliza mphasa ija. Umuuze kuti ndanama, mfundo zake zili bwino."

Ndinalandira singanoyo ndi manja awiri.

"Anyamata ndawaika kudambo ndi kuminda, ndidawauza kuti wobwera adzera kumeneko. Kunjira ya kumanda akana okha, akuti sangagone pafupi ndi manda atsopano. Mwezi utuluka mochedwa lero." Anatembenuka, n'kuimanso. "Ine sindidafike pano, wamva?"

Atapita ndinakhala ndi singano ija m'manja. Munthu ameneyu ndi amene anawagulitsa achimwene poyamba. Ngati unali msampha, ndiye kuti ine ndi amene ndikanawalowetsamo ndi pakamwa panga. Ndinapita pankhokwe ngati ndikukatsekera nkhuku, ndipo ndinawauza zonse, ndi mantha anga omwe. Ndinalowetsa singano ija pampata. Ndinamva akuisisita ndi chala.

"Iyi ndi imene tinkaphunzirira tonse awiri," anatero. "Ndidzera kumanda. Akandigwira, andigwirire pamene pali bambo."

Mdima utagwira anatsika. Sindinaione bwino nkhope yawo, ndinangoona kuti aonda. Anandigwira paphewa, n'kulowa m'mapesi chowerama. Sitinatsazikane.

M'nyumba munali zii. Amayi achikulire amene anatsala kudzatigoneka anali atagona kale kukhitchini, atatopa ndi usiku wa dzulo. Pamene panagona bambo panali posesa, pansi pokhapokha. Amayi anali atakhala pangodya, koloboyi akuyaka pambali pawo. Ndinakhala nawo pafupi, makutu onse ali kunja. Anyamata aja akagwira munthu ankaimba mluzu, kenako agalu, kenako nyimbo zawo. Ndinadikira mluzu umenewo, ndipo kanthu kalikonse kakati khwacha panja mtima unkadumpha. Galu wina anauwa chakumanda, ndinagwira mkono wa amayi mpaka zikhadabo zinalowa. Anauwanso kamodzi n'kuleka. Mluzu sunalire.

Kuti achimwene anaolokadi ndinadzadziwa mvula itagwa, pamene mayi wina wogulitsa sopo wa ku Chipata anatisiyira kamphasa kakang'ono kokhalira, chingwe chake chopotoka mobwerera. Koma madzulo amenewo sindinkadziwa kanthu. Ndinaona kuti sindingathenso kuusenza ndekha mtolo uja, ndipo ndinasendera kukhutu kwa amayi.

"Amayi, pali chimene simukudziwa."

"Wapita?" anafunsa. Mawu awo anali ngati a munthu wokalamba kwambiri, ongotuluka mpweya.

"Mwadziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Chigafa chili kuseri kwa chipupa ichi," anatero akugogoda chipupa ndi chala. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumva singano ikuboola bango. Ya bambo ako ndimaidziwa, ya mwana wanga ndimaidziwanso. Nditaimva usiku ndidati, anthu ali pamotowo asaimve."

Anameza malovu movutikira, n'kugwira pakhosi.

"Nyimbo zidandithera, mwana wanga. Zina ndimangobwereza. Koma iye ndi wochedwa kusoka ngati bambo ake."

Anazimitsa koloboyi, ndipo tinakhala mumdima osagona, tikumvetsera.